Laputopu Yokafika Nayo Chaka Chomaliza

Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite akangotuluka, pakhomo pamayamba kuwerengera: fizi, malo ogona, thiransipoti, zofunda, ndowa. Kumapeto kwa mndandandawo kumabwera chinthu chimene makolo ambiri sanachigwirepo ali pasukulu, laputopu. Kale wophunzira wa ku Chancellor College kapena ku Polytechnic ankatha kufika pa digiri akudalira makompyuta a sukulu ndi mabuku a m'laibulale. Masiku ano manotsi amabwera pa WhatsApp, pa Moodle kapena pa Google Classroom, asayimenti amafunika yotayipa, ndipo kuchokera pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha COVID-19 mu 2020, aphunzitsi ambiri anazolowera kutumiza zinthu pa intaneti. Foni imathandiza kuwerenga, koma kulemba masamba 60 a kafukufuku ndi zala ziwiri pa foni ndi chilango.

Malaputopu onse a m'dziko muno amachokera kunja, choncho mtengo wake umayenda ndi dola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo inakwera, ndipo banja limene lagula kamodzi silingabwerenso kawiri. Chimene mukugulacho chiyenera kupirira zaka zinayi, kapena zisanu kwa a uinjiniya. Ndiye funso si lakuti "yabwino ndi iti?" ayi. Funso ndi lakuti, pa ndalama zimene zilipozi, ndi iti imene idzakhale ikuyakabe tsiku lokapereka pulojekiti yomaliza.

Musanapite kusitolo, funsani a chaka chachitatu kapena chachinayi a kosi yanu kuti amagwiritsa ntchito mapulogalamu anji. Wa zamalamulo, wa zauphunzitsi, wa zachuma, wa unamwino ku KUHeS, ntchito yake yambiri ndi Word, PowerPoint, Excel, kuwerenga ma PDF, ndipo chakumapeto SPSS kapena Stata. Zimenezi sizifuna makina amphamvu. Wa ulimi ku LUANAR kapena wa za malo ku Mzuni akhoza kukumana ndi R, QGIS kapena ArcGIS Pro. Wa uinjiniya kapena wojambula mapulani a nyumba ku MUBAS ndi ku MUST adzakumana ndi AutoCAD, MATLAB, Revit kapena SolidWorks, ndipo apa mpamene mphamvu imafunikadi. Dziwaninso kuti Revit, SolidWorks ndi ArcGIS Pro anapangidwira Windows yokha. Mbale wanu wa ku London akafuna kukutumizirani MacBook, muthokozeni, koma yambani mwafunsa za kosi yanu.

Kasitika ka i7

Wogulitsa aliyense amadziwa mawu amene amasungunula mtima wa wogula: "Iyi ndi Core i7, bwana." Ambiri timaganiza kuti i3 ndi yofooka, i5 ndi yapakatikati, i7 ndi mfumu. Zimenezi ndi zoona pokhapokha ngati zonse zitatu zinapangidwa nthawi imodzi. Intel yakhala ikugwiritsa ntchito dzina la i7 kuyambira 2008, kotero kasitikako pakokha sikakuuzani ngati purosesayo ndi ya dzana kapena ya zaka khumi zapitazo.

Zaka zake zabisika mu nambala yotsatira. Mu i5-8250U, nambala 8 yoyambirirayo ikutanthauza m'badwo wachisanu ndi chitatu, umene unayamba kutuluka mu 2017. Mu i7-4600U, nambala 4 ikutanthauza m'badwo wachinayi, wa 2013. Kuyambira m'badwo wa 10 mumawerenga manambala awiri oyamba: i5-10210U ndi ya m'badwo wa 10, i5-1135G7 ndi ya m'badwo wa 11. Tsono taonani izi. Purosesa ya i7-7500U ili ndi ma core awiri, kutanthauza mbali ziwiri zogwira ntchito nthawi imodzi, pamene i5-8250U, imene inatuluka patangotha chaka chimodzi, ili ndi anayi. Pa ntchito zolemera i5 imeneyi imaisiya kutali i7 ija, koma pamsika i7 yakaleyo nthawi zambiri ndi imene imatchulidwa mtengo wokwera, chifukwa ogula amalipira kasitika.

M'badwo wachisanu ndi chitatuwu ndi malire pa chifukwa chinanso. Microsoft inasiya kutumiza zokonza za chitetezo za Windows 10 kwa anthu wamba osalembetsa mwapadera pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8, komanso imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Pa malaputopu a AMD, Ryzen ya nambala za m'ma 3000 kupita m'tsogolo ndi yosakayikitsa. Amisiri amatha kulowetsa Windows 11 mokakamiza mu laputopu yakale, ndipo imayaka bwinobwino m'sitolomo, koma Microsoft silonjeza kuti makina oterowo azilandira zokonza. Ndiye kuona Windows 11 pa sikirini si umboni wakuti laputopuyo ndi yatsopano. Umboni ndi nambala ya purosesa.

Chilembo cha kumapeto nachonso chimanena kanthu. U ndi purosesa yosunga moto, yoyenera ambiri. H ndi yamphamvu koma yadyera pa batire, imene imapezeka m'malaputopu a magemu ndi a ntchito zolemera. Mukaona dzina la Celeron, Pentium kapena Atom, dziwani kuti mwafika pansi penipeni.

Koma kunena zoona, chimene chimachititsa laputopu kuoneka yaulesi nthawi zambiri si purosesa. Ndi diski ndi RAM. Diski ili ngati nkhokwe, mosungira zonse, pamene RAM ili ngati lichero limene mukupetera pakali pano: nkhokwe ikule bwanji, lichero likakhala laling'ono mudzangokhalira kuyenda uku ndi uku. Windows 11 imavomera kulowa mu laputopu ya RAM ya 4GB, koma mukatsegula Word, PDF imodzi ndi masamba angapo a Chrome, imayamba kuzizira ngati yakomoka. Poyambira pabwino ndi 8GB. A uinjiniya, a sayansi ya makompyuta ndi ojambula mapu ayesetse 16GB. Funsaninso ngati RAM ingawonjezedwe, chifukwa m'malaputopu ambiri opyapyala, kuphatikizapo ma MacBook onse a masiku ano, inamatidwa ku bodi ndipo simungaisinthe.

Pa diski ndiye musanyengerere. Hard disk yakale ili ndi mbale yozungulira maulendo 5,400 pa mphindi ndi kamkono kowerenga, ndipo ikagwa kapena kugundidwa ikugwira ntchito, imatha kufa ndi zonse zili m'katimo. SSD ilibe chozungulira. Imawerenga mofulumira kangapo konse, imadya moto wochepa, ndipo siopa mabampu a minibasi. Wogulitsa akakuikirani ziwiri, ina ya hard disk ya 1TB, ina ya SSD ya 256GB, tengani ya SSD. Manotsi ndi mabuku a zaka zinayi amakwana m'menemo ndi malo kutsala. Chimene chimadzaza malaputopu a ophunzira, tonse tikudziwa, ndi mafilimu. Chenjeraninso ndi mawu akuti eMMC, makamaka ya 32GB kapena 64GB. Imeneyo si SSD yeniyeni, sisinthika, ndipo Windows yokha imadya gawo lalikulu la malo ake.

Yatsopano yotchipa kapena yakale yolimba

Pa ndalama zofanana mumapezeka njira ziwiri. Ina ndi laputopu yatsopano m'katoni mwake, yonyezimira, ya Celeron ndi RAM ya 4GB. Ina ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, imene ogulitsa amaitcha ex-UK ngakhale itachokera ku Dubai kapena ku America. Mtima wa kholo umakokera ku yatsopano, ndipo m'pomveka: ndani amafuna kupatsa mwana wake wosankhidwa chinthu cha kaunjika? Koma ine ndikanasankha yachiwiriyo, bola ikhale ya mtundu woyenera.

Makampani akuluakulu a kunja amagulira antchito awo malaputopu ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo pakatha zaka zitatu kapena zinayi amawagulitsa onse. Amenewa ndi a mitundu yopangidwira maofesi: Lenovo ThinkPad, Dell Latitude, HP EliteBook ndi ProBook. Mahinji ake ndi olimba, kiyibodi ndi yabwino, ndipo anapangidwa kuti mmisiri azitsegula ndi sikurudiraiva wamba. Zitsanzo zodziwika za 2018 ndi ThinkPad T480, Latitude 5490 ndi EliteBook 840 G5. Onsewa ndi a mainchesi 14, amapezeka ndi purosesa ya m'badwo wa 8, ndipo ali ndi malo awiri oikamo RAM. T480 ilinso ndi batire lakunja lochotseka popanda kumasula chilichonse, chinthu chimene malaputopu atsopano anasiya. Amenewa ndi poyambira chabe. Thumba likalola, abale awo a m'badwo wa 10 kapena 11 adzakufikitsani patali. Ubwino wina ndi wakuti popeza anagulitsidwa ochuluka, zipangizo zake zimapezeka kwa amisiri a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Laputopu yokongola ya dzina lachilendo ikasweka sikirini, mudzadikira miyezi.

Laputopu ya magemu, ya nyali zamitundumitundu ija, imakopa anyamata ambiri. Kwa amene kosi yake ikufunadi graphics card yapadera, monga wojambula nyumba za 3D, ili ndi ntchito. Kwa ena onse ndi katundu. Imalemera kupitirira makilogalamu awiri, tchaja yake ndi yaikulu ndi yolemera, ndipo batire lake silichedwa kutha. Wochita lendi ku Chikanda amene amayenda wapansi kupita ku kalasi m'mvula ya ku Zomba adzaizindikira msanga ntchito ya laputopu ya kilogalamu imodzi ndi theka. Chromebook nayo, ngakhale ndi yotchipa, imadalira kwambiri intaneti ndipo silandira mapulogalamu a Windows monga mwa masiku onse. Kumene bandulo ndi yodula, imeneyo ndi mphatso yovutitsa.

Magetsi

Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu amene magetsi awo sathima. Kuno magetsi ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa chaka. Wophunzira amene batire lake limatha pa mphindi 40 ndiye kuti ali ndi kompyuta ya pa desiki yongonyamulika. Adzakhalira kulimbirana soketi m'laibulale.

Kukula kwa batire kumayezedwa ndi Wh. Malaputopu ambiri a mainchesi 14 ali ndi batire la pakati pa 40Wh ndi 60Wh likakhala latsopano. Ngati potayipa ndi kuwerenga laputopu ikudya mawati 10, batire la 50Wh likupatsani maola asanu. Koma batire limakalamba, ndipo pa laputopu yakale ndi chinthu choyamba kufooka. Wogulitsa adzati "limakhala maola anayi", ndipo mwina sakunama mwadala, sanayesepo. Windows ili ndi njira yodziwira zoona. Tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, kenako tsegulani fayilo imene yapangidwayo. Muona manambala awiri: Design Capacity, mphamvu imene batire linabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, imene latsala nayo. Yachiwiriyo ikakhala pansi pa magawo awiri mwa atatu a yoyambayo, nenererani mtengo kuti mutsale ndi yogulira batire lina. Mukaona pogwira ndi chala paja, touchpad, patatukuka, kapena pansi pa laputopu patafufuma, batire latupa. Limenelo ndi loopsa, likhoza kuyaka.

Laputopu yotchajira pa USB-C ili ndi mwayi wina: imatha kutchajidwa ndi pawabanki, koma ikhale yotulutsa mawati 45 kapena 65, osati ya foni. Yang'anani tchaja. Yeniyeni imalembedwa 100-240V, choncho imagwira ntchito pa magetsi athu a 230V ngakhale itachokera ku America. Chosiyana ndi pulagi chabe. Ife timagwiritsa ntchito ya mano atatu amakona ngati ya ku Britain, pamene yochokera ku Joni imabwera ndi mano obulungira. Kusintha chingwe n'kotchipa, ndipo kuli bwino kusiyana ndi kukanikiza waya mu soketi ndi kamtengo ka machesi. Tchaja zopepuka zachinyengo zimatentha, zimawononga batire, ndipo nthawi zina zimapsereza bodi. Magetsi akathima zulani tchaja kukhoma, chifukwa pobwera amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira.

Mphindi makumi atatu m'sitolo

Wogulitsa wachilungamo sakana kuti muyese katundu. Akayamba kukufulumizitsani, kapena akati batire latha ndipo tchaja ili kwina, tsanzikani. Ngati zamakompyuta simuzidziwa, pitani ndi wozidziwa, ngakhale mutamugulira chakudya chamasana.

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, kenako pitani pa Performance. Pamenepo pali dzina lonse la purosesa, kuchuluka kwa RAM, ndiponso ngati diski ndi SSD kapena HDD. Khulupirirani zimenezo, osati zomata pa chivundikiro. Tsegulani Notepad ndi kudina batani lililonse, limodzilimodzi, osadumpha. Yang'ananinso kakonzedwe ka zilembo. Mzere wapamwamba uyambe ndi QWERTY. Yochokera ku France imayamba ndi AZERTY, ya ku Germany ndi QWERTZ, ndipo ngakhale mutasintha mu Windows, zolembedwa pa mabatani zidzakusokonezani zaka zonse. Kiyibodi ya ku Britain ndi ya ku America zimasiyana pang'ono, makamaka pamene pali chizindikiro cha @, koma zimenezo mumazolowera pa sabata imodzi.

Sikirini iyeseni ndi tsamba loyera lokhalokha, kenako lakuda, kuti muone madontho, mizere kapena zigamba zowala. Ya 1920 x 1080 ndi yabwino kuposa ya 1366 x 768, chifukwa mumatha kuika buku mbali ina, zolemba zanu mbali ina. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo mukumvetsera mahinji. Lowetsani fulashi m'bowo lililonse la USB. Lumikizani Wi-Fi ku foni yanu. Yesani kamera, maikolofoni ndi masipika. Onani ngati pali bowo la HDMI, poti tsiku lofotokoza pulojekiti pamaso pa aphunzitsi mudzafunika kulumikiza pulojekita. Muziisiya ikuyimba vidiyo nthawi yonseyi itazulidwa ku magetsi, kuti muone mmene batire likutsikira ndi mmene fani ikulirira.

Pali misampha ina imene siioneka ndi maso. Zimitsani laputopu, muyatsenso ndi kulowa mu BIOS: pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10, pa ThinkPad ndi F1. Ikafunsa pasiwedi imene wogulitsa saidziwa, isiyeni, chifukwa pa mitundu ina kuchotsa pasiwedi imeneyo kumafuna kusintha bodi yonse. Malaputopu ena a ex-UK amakhala akadali olembetsedwa ku kampani imene inkawagwiritsa ntchito. Amayenda bwino mpaka tsiku limene mwalowetsanso Windows, pamenepo n'kutulukira dzina la kampani yachilendo ikufuna akaunti ya wantchito wake. Pa MacBook msampha wake ndi Activation Lock, yomangidwa ku akaunti ya Apple ya mwini wake woyamba. Njira yotsimikizira ndi kupempha kuti wogulitsa aifufute ndi kuiyambitsanso inu mukuona, italumikizidwa ku intaneti.

Pomaliza pake lisiti. Palembedwe dzina la sitolo, mtundu wa laputopu, serial number yake, ndi masiku a waranti, ngakhale atakhala mwezi umodzi wokha. Nambala ya pa lisiti ifanane ndi ya pansi pa laputopu komanso ya mu BIOS. Malaputopu amabedwa kwambiri m'mahositelo, ndipo ambiri amagulitsidwanso kwa ophunzira anzawo pa mtengo wokoma, wopanda tchaja, wopanda lisiti, mwini wake ali pachangu. Kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu, ndipo apolisi akabwera mumataya laputopu ndi ndalama zomwe. Nambala yomweyo ijambuleni pa foni ndi kuitumiza kwa wachibale, kuti yanuyo ikadzabedwa mudzakhale ndi chosonyeza.

Mukafika nayo kusukulu

Ogulitsa ambiri amadzaza laputopu ndi mapulogalamu obedwa ngati banyira. Ena mwa iwo amabwera ndi mavairasi, ena amasiya kugwira ntchito pakati pa semesita. Funsani ku dipatimenti ya ICT ya koleji yanu ngati imelo ya sukulu ikukupatsani Microsoft 365. Autodesk imapereka AutoCAD ndi Revit kwaulere kwa ophunzira otsimikizika, chaka ndi chaka. LibreOffice, R, QGIS ndi Zotero, yosanjira mabuku amene mwagwiritsa ntchito pa kafukufuku, ndi aulere kwa aliyense. Pa mavairasi, Microsoft Defender imene ili kale mu Windows ndi yokwanira ikamalandira zokonza zake. Khomo lalikulu la mavairasi pasukulu ndi fulashi yopita nayo kosindikiza, imene imabwerako mafoda onse atasanduka ma shortcut. Kutumiza PDF pa imelo kapena pa WhatsApp kumapewetsa zimenezo. Ngati laputopu imene mwapatsidwa ndi yakale kwambiri moti Windows 11 singalowe, musaitaye. SSD yotchipa ndi Linux Mint kapena Ubuntu zimaidzutsa, ndipo kwa wa sayansi ya makompyuta amenewo ndi maphunziro kale.

Mukalumikiza laputopu ku foni ya Airtel kapena TNM, Windows imaganiza kuti yapeza intaneti yaulere, n'kuyamba kukoka zokonza zake mpaka bandulo ya sabata kutha pa ola limodzi. Pitani pa Settings, pa Network, ndi kuyatsa Metered connection. Zokonzazo muzikakokera pa Wi-Fi ya sukulu.

Fumbi la m'chilimwe ndi kutentha kwa October zimatseka fani. Kuika laputopu pa bulangeti kumatseka mabowo opumira a pansi, choncho ngati mukuwerengera pabedi, ikani buku lalikulu kapena thabwa pansi pake. Kamodzi pa chaka mmisiri aitsegule, apukute fumbi ndi kusintha phala loziziritsa purosesa. M'chikwama muzikhala jumbo ya pulasitiki nyengo ya dzinja, ndipo botolo la madzi lisagone thumba limodzi ndi laputopu.

SSD, ngakhale ndi yolimba, ikamafa sichenjeza, ndipo kubweza zimene zinali m'katimo n'kovuta kuposa pa hard disk. Akaunti ya Google imapereka malo aulere a 15GB pa Drive, ya Microsoft imapereka 5GB pa OneDrive, ndipo pulojekiti yonse ya chaka chomaliza, ndi deta yake yomwe, kawirikawiri sifika ngakhale 1GB. Ikani foda ya sukulu mu imodzi mwa zimenezi kuyambira sabata yoyamba, kuti izidzikopera yokha nthawi iliyonse mwalumikiza intaneti. Kope lina likhale pa fulashi, ndipo fulashiyo isamakhale m'chikwama chimodzi ndi laputopu, chifukwa wakuba amanyamula chikwama chonse.